Moto wa m'shopu ya mipando: chifukwa chake inshuwalansi inalipira zosakwana theka

Ndimagwira ntchito yolangiza eni mabizinesi ang'onoang'ono pa nkhani za inshuwalansi, ndipo lipoti ili ndi la kasitomala wanga wina amene shopu yake inapsa. Anavomera kuti ndilembe, bola ndisatchule dzina lawo, malo, kapena kampani imene inawagulitsa inshuwalansi. Ndalama nazonso sindizitchula. M'malo mwake ndiwerengera m'magawo, ngati kuti katundu yense amene anali m'shopumo tsiku la motolo anali magawo 100. Manambalawo ndawafewetsa kuti asavute kutsatira, koma kagawidwe kake ndi komweko.

Ndalemba chifukwa mbali ina ya vutoli ndi yanga, ndipo ndikudziwa kuti anzanga ambiri pa ntchitoyi akuchitabe zimene ndinkachita ine.

Bizinesi ya papepala ndi bizinesi yeniyeni

Shopuyi imapanga mipando, matebulo ndi makabati. Ili m'nyumba ya lendi: chipinda chimodzi chachikulu chogwiriramo ntchito, ndi kachipinda kumbuyo kosungiramo matabwa ndi mankhwala opakira. Eni ake ndi kalipentala waluso, munthu amene amafika m'mawa antchito ake asanafike. Bizinesiyo sinalembetsedwe ngati kampani. Inali m'dzina lawo basi, choncho pamaso pa lamulo iwo ndi shopuyo anali chinthu chimodzi.

Zaka 5 moto usanachitike ndinapita kukaona malowo ndi maso anga. Nthawi imeneyo munali antchito 4 ndi makina awiri aang'ono, ndipo vanishi ankapaka ndi bulashi. Tinadzaza fomu. Pa funso lakuti kodi amapopera penti kapena vanishi ndi makina, tinayankha kuti ayi, ndipo zinali zoona. Tinagula inshuwalansi ya mitundu itatu: ya moto ndi kuba pa makina ndi katundu, ya antchito akavulala pa ntchito, ndi ya anthu akunja akavulalira pamalopo. Palinso ina yobwezera phindu limene limatayika bizinesi ikaima. Imeneyo ndinawafotokozera, iwo anati aione kaye, ndipo ine sindinaibweretsenso.

Kuyambira pamenepo ndinkangoimba foni chaka ndi chaka. "Bambo, inshuwalansi ija ikutha mwezi uno. Pali chasintha?" Iwo ankati, "Ayi achimwene, zonse zili bwinobwino." Ndinkatumiza pepala, iwo n'kulipira.

Sananame ayi. M'makutu mwawo funso langa linkamveka ngati ndikufunsa ngati pagwa vuto, ndipo vuto panalibedi, bizinesi inkayenda. M'zaka 5 zimenezo anagula makina aakulu opalira matabwa ndi ena ochekera. Anagula kompuresa ndi mfuti yopopera vanishi. Anayamba kulandira mipando yakale ya anthu kuti aikonze, anayambanso kupaka mafuta a linseed pa matebulo a makasitomala okonda kuti thabwa lizioneka mmene lilili. Anatenga anyamata 3 aganyu, amene m'kupita kwa nthawi ankabwera tsiku lililonse. Kwa eni ake zonsezi zinali kukula kwa bizinesi, ndipo kunali kukuladi. Kwa kampani ya inshuwalansi chilichonse mwa izi chinkasintha chiopsezo chimene inavomera kusenza. Palibe n'chimodzi chomwe chinafika papepala.

Usiku wa moto

Tsiku limenelo ankamalizitsa oda yaikulu ya matebulo. Anapaka mafuta a linseed mpaka madzulo, akupukuta otsala ndi nsanza. Poweruka, mmodzi wa antchito anasesa bwinobwino, anaunjika nsanza zonse m'katoni pamodzi ndi utuchi, n'kuika katoniyo pakona, pafupi ndi khomo la kachipinda ka kumbuyo. Iye ankati akusamala malo.

Pakati pa usiku mlonda wa nyumba yoyandikana anaona utsi. Anaimbira ozimitsa moto, kenako anaimbira mnyamata wina waganyu amene ankakhala pafupi ndipo ankasunga makiyi. Mnyamatayo atatsegula chitseko mpweya unalowa, moto n'kukula. Anatenga chozimitsira moto chimene chinali pakhoma, koma chinangolavula kaufa pang'ono n'kusiya. Chinali chisanayang'anidwepo chigulidwire. Akuyesa kukoka tebulo limodzi kuti alipulumutse, zitini za m'kachipinda za thinners, mankhwala oyaka msanga osungunulira vanishi, zinayaka. Anapsa manja onse awiri ndi mbali ya nkhope, ndipo anakhala m'chipatala milungu 3.

Ozimitsa moto anapulumutsa mbali ya kutsogolo ya chipinda chachikulu. Kachipinda ka kumbuyo kanapseratu, denga la mbali imeneyo n'kugwa.

Chinayambitsa moto

Poyamba eni ake ankakhulupirira kuti ndi magetsi, ndipo ena ankanong'ona kuti pali munthu wanjiru. Wofufuza amene kampani ya inshuwalansi inatuma anapeza kuti magetsi anali ozimitsa pa swichi yaikulu, mawaya analibe chizindikiro cha shoti, maloko anali osathyoledwa, ndipo kapsedwe ka pansi ndi ka khoma kankaloza pakona pamene panali katoni ija.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa akalipentala ambiri amene ndawafotokozera zimenezi sakhulupirira poyamba. Mafuta a linseed sauma ngati madzi, amene amangouluka. Amauma posakanikirana ndi okosijeni wa mumpweya, ndipo pochita zimenezo amatulutsa kutentha. Patebulo kutenthako kumangomwazika, munthu sangakumve n'komwe. Pansanza n'zina. Mafuta amalowerera m'tiulusi tambirimbiri, mpweya umawafika mbali zonse, ndipo nsanza zikakhala zofinyana pamulu kutentha kumasowa kotulukira. Kukakwera, mafuta amauma mofulumira n'kutulutsa kutentha kwina. Pakapita maola angapo mulu umayamba kufuka, kenako umayaka wokha, popanda machesi kapena khala. Katoni ndi utuchi zinangokhala nkhuni zodikira.

Titakhala pansi mawa lake, eni ake anati, "Achimwene, tsoka silinunkha." Sindinawatsutse, chifukwa munthu amene thukuta lake la zaka zambiri lasanduka phulusa sulimbana naye pa mwambi. Koma pocheza ndi antchito mmodzimmodzi, wina anandiuza kuti miyezi ingapo m'mbuyomo anafika m'mawa n'kumva fungo lachilendo lotsamwitsa. Atagwira mulu wa nsanza anapeza uli wotentha, pakati pake patada bii. Anautaya panja n'kuyamba ntchito. Nditamufunsa chifukwa chake sanauze munthu, anati, "Ndikanawauza chiyani abwana, poti palibe chinapsa?"

Tsoka limeneli linanunkha, ndipo munthu analimva. Chimene chinasowa ndi njira yoti nkhani ya fungolo ifike kwa amene akanasintha kachitidwe ka zinthu. Mnyamatayo sindimuimba mlandu. Palibe anamuuzapo kuti ngozi imene yalephera kuchitika ndi nkhani yofunika kuinena.

Mmene magawo 50 anasandukira 22

Zinthu za eni shopu zimene zinawonongeka zinakwana magawo 50. Kuti tifike pa nambala imeneyo panali ntchito, chifukwa malisiti onse ankasungidwa m'kabati ya m'kachipinda kamene kanapsa. Tinapempha ogulitsa makina ndi matabwa kuti atipatse makope a malisiti awo, tinatenga mapepala a kubanki, ndipo zithunzi za mipando zimene eni ake ankatumizira makasitomala pa foni zinatithandiza kwambiri, chifukwa kumbuyo kwa mipandoyo kunkaoneka makina ndi milu ya matabwa. Zinatenga milungu 6.

Kudula koyamba kunachokera pa mfundo imene imapezeka m'mapangano ambiri a inshuwalansi ya katundu, yotchedwa average. Imati ngati katundu wanu ndi wa magawo 100 koma mwamuteteza pa magawo 60 okha, ndiye kuti magawo 40 otsalawo mwasankha kudziteteza nokha, ndipo pa chilichonse chowonongeka muzigawana ndi kampani mwa muyeso womwewo. Shopuyi inali ikadali pa 60 ya zaka 5 zapitazo. Eni ake ankawerengera kuti popeza 50 ndi yochepa kuposa 60, alandira yonse. Anthu ambiri amaganiza choncho. Koma kampani inatenga magawo 60 pa 100 aliwonse a zowonongekazo, ndipo 50 inatsika kufika pa 30.

Kudula kwachiwiri ndiko kunatisowetsa tulo, chifukwa kukanatha kukhala kukanizidwa zonse. Pangano la inshuwalansi limasiyana ndi kugula katundu wamba. Wogula ndiye amadziwa za bizinesi yake, wogulitsa amadalira zimene wauzidwa, choncho wogula ali ndi udindo woulula chilichonse chimene chingasinthe maganizo a kampani pa kuvomera kapena pa mtengo. Mfundoyi ndi yakale. Woweruza wa ku England, Lord Mansfield, anaifotokoza mu 1766 pa mlandu wa Carter v Boehm, ndipo inalowa m'lamulo la Marine Insurance Act la 1906, limene malamulo a mayiko ambiri anatengerako. Chimene eni mabizinesi ambiri sadziwa n'chakuti udindowu umabweranso chaka chilichonse, chifukwa kulipiranso inshuwalansi ndi kupanga pangano latsopano.

Fomu yathu inkanenabe kuti m'shopumo sapopera. Kupopera sikunayambitse moto, koma thinners ndi vanishi zimene zinkasungidwa chifukwa cha kupoperako ndizo zinaukuza. Mwa malamulo akale, kampani ikapeza kuti sinauzidwe chinthu chofunika imatha kufafaniza pangano lonse, n'kubweza ndalama zimene munthu analipira, osaperekanso kanthu. Mayiko ena anafewetsa zimenezi. Ku United Kingdom lamulo la Insurance Act la 2015 limati ngati munthu sanabise dala kapena mosalabadira, ndipo kampani ikanavomerabe kumuteteza koma pa mtengo wokwera, izingochepetsa malipiro mwa muyeso wa kusiyana kwa mitengo iwiriyo. Mwini bizinesi aliyense ayenera kufunsa kuti lamulo la kumene ali lili mbali iti.

Ife tinalemba kalata yofotokoza zonse mmene zinalili: tsiku limene kompuresa inagulidwa, mafunso amene ine ndinkafunsa pa foni, ndi mayankho amene ndinkalandira. Sitinabise kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chimene chinatipulumutsa. Kampani inavomera kuti panalibe chinyengo. Inati ikanadziwa za kupopera ikanavomerabe, koma pa mtengo wokwererapo, ndipo zimene shopu inkalipira zinali magawo 4 pa 5 a mtengo woyenera. Ndiye 30 inakhala 24. Kuchotsapo excess, ndalama yoyamba imene mwini amasenza yekha pa ngozi iliyonse, imene inali magawo 2, panatsala 22.

Zimene sizinali mu inshuwalansi iliyonse

Akanakhala magawo 28 okhawo, bwenzi eni shopu atapirira mosavuta. Madzi anafika m'khosi chifukwa cha anthu ena amene motowo unawakhudza.

Woyamba ndi mnyamata uja amene anapsa. Inshuwalansi ya antchito inali ya anthu 4, ndipo mtengo wake unkawerengedwa pa malipiro a anthu 4 omwewo. Eni ake ankati waganyu si wantchito. Loya amene tinamufunsa sanachedwe kuwayankha. Makhoti a mayiko ambiri sayang'ana dzina limene mwapatsa munthu, amayang'ana mmene zinthu zilili: ndani amamuuza nthawi yobwera ndi yoweruka, zida ndi za yani, amalipidwa motani, amagwiranso ntchito kwina kapena ayi. Mnyamatayu anali atabwera tsiku lililonse kwa chaka ndi theka, ankagwiritsa ntchito zida za shopu, ndipo anamupatsa makiyi. Anali wantchito. Kampani ya inshuwalansi inati iye sanali m'gulu limene inauzidwa, ndipo inshuwalansi ya anthu akunja sikhudza antchito. Anagwera pakati. Ndalama za kuchipatala, malipiro a miyezi imene sanagwire ntchito, ndi chipukuta misozi cha zala ziwiri zimene sizipindikanso bwino, zonse zinachokera m'thumba la eni shopu.

Kunena chilungamo, iwo sanazembe. Ankapita kuchipatala tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani ya chipukuta misozi inatha mwa mgwirizano wolembedwa, mbali zonse ziwiri zili ndi wozilangiza. Koma chifundo cha bwana si chitetezo chimene wantchito angadalire. Akanakhala kuti eni ake analibe choti agulitse, mnyamatayo akanatsala ndi zipsera zokha.

Wachiwiri ndi mwini nyumba. Iye anali ndi inshuwalansi yake, ndipo inamulipira denga ndi khoma. Eni shopu anapumira m'mwamba poganiza kuti mbali imeneyo yatha. Patapita miyezi iwiri kunabwera kalata. Kampani ya inshuwalansi ikalipira kasitomala wake, imatenga ufulu wake wokalonjerera amene anachititsa ngoziyo, zimene pa ntchito yathu timati subrogation. Mgwirizano wa lendi unali ndi ndime yoletsa kusunga zinthu zoyaka msanga popanda chilolezo cholembedwa. Eni shopu anausayina osauwerenga, ndipo ine sindinaupemphepo kuti ndiuone. Tinayang'ana ku inshuwalansi ya anthu akunja, koma mapangano a mtundu umenewu kawirikawiri sakhudza nyumba imene mukuchita lendi kapena katundu amene ali m'manja mwanu, pokhapokha mutawonjezera mbali imeneyo. Ife sitinawonjezere.

Chimodzimodzinso ndi mipando ya anthu imene inabwera kudzakonzedwa. Munthu akasiya katundu wake m'manja mwanu, lamulo limayembekeza kuti mumusamale, ndipo akawonongeka chifukwa cha kusasamala kwanu mulipira. Inshuwalansi ya moto inkateteza katundu wa shopu yekha, sinatchule katundu wosungira ena. Panalinso makasitomala amene anali atapereka ndalama ya chikole pa maoda, popanda pepala lililonse lonena chimene chichitike ntchito ikalephereka. Ena anadikira, ena anafuna ndalama zawo tsiku lomwelo.

Ndipo shopu inakhala yotseka miyezi 4, lendi ikuwerengedwabe, antchito akuyembekeza malipiro. Apa ndi pamene inshuwalansi ija anati aione kaye ikanagwira ntchito.

Ngongole zonsezi zinagwera munthu mmodzi, pamodzi ndi galimoto yake ndi ndalama zimene banja linkasunga. Kulembetsa kampani kukanathandizako. Kuyambira pa mlandu wa Salomon v Salomon wa 1897, mfundo yakuti kampani ndi munthu payokha, wosiyana ndi eni ake, yakhala maziko a malamulo a makampani m'mayiko ambiri. Koma sindifuna kuti wina aone ngati kulembetsa ndi mankhwala a zonse. Banki kapena mwini nyumba nthawi zambiri amafuna kuti mwini kampani yaing'ono asayine kuti adzalipira yekha ikalephera, ndipo munthu amene walakwitsa ndi manja ake akhoza kuimbidwabe mlandu payekha.

Mbali yanga

Mlangizi amene wakhala zaka 5 osaponda pamalo a kasitomala wake, akungofunsa funso limodzi losamveka pa foni, sanagwire ntchito yake mokwanira. Ndinawauza eni shopu zimenezi pamaso, ndipo ndinawauzanso kuti ali ndi ufulu wofunsa loya wina, osati amene ine ndawapezera, ngati ndili ndi mlandu. Ndinadziwitsanso kampani imene imanditeteza ine pa zolakwa za ntchito yanga. Titakambirana, inalipira mbali ya ndalama zimene zinadulidwa chifukwa cha nkhani ya kupopera. Sizinabweze zonse. Kuti eni shopu akadali kasitomala wanga ndi kukoma mtima kwawo.

Zimene tinasintha potsegulanso

Tinayamba ndi kuyenda m'shopumo tonse, eni ake, antchito onse 7 ndi ine, aliyense akuloza chimene chingamupweteke kapena kuyambitsa moto. Antchito anatchula zinthu zambiri kuposa ife. Tinazilemba papepala limodzi, chilichonse ndi mafunso atatu: chingachitike kangati, chikachitika chingawononge motani, ndipo ndani achitepo kanthu pofika liti. Makampani aakulu amatsata ndondomeko zochepetsera ziopsezo monga ISO 31000 ndi ISO 45001, koma mtima wake ndi womwewu, ndipo shopu ya anthu 8 sifunika buku lalikulu limene palibe angaliwerenge.

Eni ake anafuna kuyamba ndi kugula magolovesi ndi zophimba kumphuno. Ndinawapempha kuti zimenezo zibwere pomalizira. Odziwa za chitetezo cha pa ntchito amati choopsa uyambe wayesa kuchichotseratu. Zikakanika, uchisinthe ndi china chosaopsa kwambiri. Zikakanikanso, uchitchinge ndi zipangizo, kenako ukonze kagwiridwe ka ntchito, ndipo zovala zodzitetezera zimabwera kumapeto chifukwa zimadalira kuti munthu wotopa akumbukire kuzivala. Potsata zimenezi, mipando yambiri tsopano amaipaka vanishi wosungunula ndi madzi, moti thinners amene amasungidwa ndi wochepa kwambiri, ndipo amakhala m'kabati yachitsulo yokhoma, kutali ndi matabwa. Mafuta a linseed sanawasiye chifukwa makasitomala amawafuna, koma nsanza iliyonse imalowa m'ndowa yachitsulo ya madzi yokhala ndi chivundikiro, ndipo ndowayo imagona panja. Munthu mmodzi, wodziwika dzina, ndiye amayendera shopu asanakhome n'kusayina m'kabuku.

Zozimitsira moto zilipo zitatu, ziwiri za ufa ndi chimodzi cha carbon dioxide pafupi ndi makina. Kasingano ka za ufazo amakayang'ana mwezi uliwonse, ndipo katswiri amabwera kamodzi pachaka. Aliyense anaphunzitsidwa kuti madzi sathira pa moto wa magetsi kapena wa thinners. Lamulo limene ndinalimbikira kwambiri ndi lakuti moto ukakula palibe wolowa kukapulumutsa katundu. Ndinapempha eni ake kuti alinene okha pamaso pa onse, chifukwa mnyamata uja analowa poganiza kuti abwana ake akanafuna zimenezo.

Kuyendera kuja kunaulula zina zosakhudza moto. Makina ochekera analibe chotchingira, chinachotsedwa kuti ntchito izifulumira. Magetsi analibe RCD, kachipangizo kamene kamadula magetsi msangamsanga akayamba kudutsa m'thupi la munthu, ndipo tinaika ka 30 mA. Phokoso la makina opalira linkachititsa anthu kukuwa polankhulana ali pafupi, chizindikiro chakuti mwina lafika kapena lapitirira madesibelo 85, mlingo umene munthu akamaumva maola 8 tsiku ndi tsiku makutu amayamba kuwonongeka. Ndiye pali fumbi la matabwa, limene akalipentala amalitenga ngati gawo la ntchito. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika fumbi limeneli m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa kwa anthu mu 1995, makamaka ya m'mphuno. Makina oyamwa fumbi anali okwera mtengo kwa bizinesi imene yangotuluka m'moto, choncho anagula amodzi a pa makina opalira, ena adikira. Papepala paja tinalemba kuti chiopsezo chimenechi tachivomera kwa kanthawi tikudziwa, ndi mwezi umene tidzachionenso.

M'kabuku ka poweruka muli tsamba la ngozi zimene zatsala pang'ono kuchitika. Mwezi woyamba linali loyera. Eni ake atalembamo okha kuti anatsala pang'ono kudzicheka chifukwa ankayankha foni ali pa makina, ena anayamba kulemba.

Ku mbali ya mapepala, antchito onse 7 ali ndi makalata a ntchito ndipo onse ali pa inshuwalansi. Mgwirizano wa lendi unalembedwanso, ndipo chilolezo cha mwini nyumba chosungira mankhwala opakira chili mmenemo. Kasitomala aliyense amasayina kapepala konena mtengo, chikole, tsiku lotenga katundu, ndi chimene chichitike zinthu zikasokonekera. Malisiti amajambulidwa pa foni tsiku lomwelo n'kusungidwa pa intaneti. Bizinesi inalembetsedwa ngati kampani. Inshuwalansi ya katundu ili pa mtengo wogulira makina atsopano lero, tinawonjezera katundu wa makasitomala ndi nyumba ya lendi, ndipo tinagula ija yobwezera phindu, ya miyezi 12. Mtengo wonse unakwera ndithu. Kuti ukwanike, tinakweza excess, kutanthauza kuti tingozi ting'onoting'ono shopu izisenza yokha, kampani isenze zazikulu zimene zingaigwetse. Bizinesi yaing'ono ikakhala ndi ndalama zochepa, ine ndimalangiza choncho nthawi zonse.

Funso la pa foni lija ndinalisiya. Tsopano ndimapita ndekha kwa kasitomala aliyense inshuwalansi isanathe, ndipo ndimafunsa zinthu zogwirika: mwagula chiyani chaka chino, ndani akugwira ntchito muno amene panalibe, mukupanga chiyani chimene simunkapanga, mukusunga katundu wa yani, mwasayina pepala lanji.

Pamene nkhaniyi ili lero

Ngongole ya kampani ya inshuwalansi ya mwini nyumba inachepetsedwa titakambirana, ndipo ikubwezedwa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ikadalipo. Galimoto ija inagulitsidwa. Mnyamata amene anapsa anabwerera ku ntchito, koma dzanja lake lamanja siligwira tchizulo monga kale, moti tsopano ndiye amayang'anira katundu, kulandira maoda ndi kusunga kabuku kaja.

Mwezi wathawu eni shopu anandiimbira. Makasitomala ayamba kufunsa matebulo a miyendo yachitsulo, ndipo apeza makina owotcherera pa mtengo wabwino. "Achimwene, ndagula, koma sindinawalumikize. Ndimati ndimve kaye kwa inu." Ndinapita mawa lake. Kuwotcherera m'chipinda cha utuchi sikutheka, choncho tinayeza malo panja, kuseri kwa khoma la njerwa, n'kulembera mwini nyumba ndi kampani ya inshuwalansi tsiku lomwelo. Mwini nyumba wavomera kale. Kampani yati itumiza munthu kudzaona malowo, ndipo makinawo akadali m'bokosi lake.